Tsiku limene ndinaperekeza Ankolo Mbewe mpaka ku Kangemi

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi pamene ndinatulukira, nditafufuza mozama kwa pafupifupi sabata imodzi, kuti akuluakulu onse ndi achiphamaso. Zotsatira za kafukufukuyu sindinazisindikize paliponse, koma ndinkazivala pankhope kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Dzina langa ndi Mtendere, umboni wokwanira woti makolo anga sanali aneneri.

Tinkakhala ku Lang'ata, mu Nairobi. Adadi ankagwira ntchito kubungwe lina la mayiko ambiri, limodzi mwa mabungwe aja amene amachita msonkhano wokonzekera msonkhano. Tinachoka ku Lilongwe ndili sitandade sikisi. Kusukulu anzanga ankaseka Chiswahili changa, tikapita kumudzi patchuthi asuweni ankaseka Chichewa changa, ndiye ine ndinagamula kuti vuto silili mwa ine koma mwa mtundu wonse wa anthu. Masana ndege zing'onozing'ono zinkadutsa pamwamba pa denga lathu kukatera kubwalo la ndege la Wilson, ine ndili chigonere pabedi, ndikuzitukwana mumtima chifukwa zinali ndi kopita.

Chimene chinakoleza moto ndi buku. Ndinaligula m'tauni kwa bambo wina amene ankayala mabuku akale pansi m'mbali mwa msewu, pafupi ndi pokwerera matatu, minibasi za kuno. Linalibe chikuto, ndipo masamba omaliza anali atathothoka. Linkanena za mnyamata wina wa dziko lakutali amene ankanyansidwa ndi aliyense. Ndinaliwerenga kanayi. Ndinkaona ngati wolembayo amandisuzumira pawindo. Kuti mnyamatayo anathera pati sindinadziwe, poti masamba aja panalibe, koma ndinalibe nazo ntchito. Ndinali nditapeza mpingo wanga, ndipo m'busa ndi nkhosa ndinali ine ndemwe.

Likulu la chiphamaso linali pabalaza pathu, Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi. Amalawi a mu Nairobi ankakonda kudzadya nkhomaliro kwathu chifukwa amami ankasunga mpunga wa kilombero wobwera m'masutikesi kuchokera kwathu. Aliyense wolowa ankapereka moni kwa aliyense, mmodzimmodzi, ndipo aliyense anali bwino, kaya inu. Pa zaka zonse zimene ndinakhala m'nyumba ija, palibe ndi mmodzi yemwe amene anadzukapo moipa. Ine ankachita kundikoka kuchipinda kuti ndidzagwire dzanja lililonse ndi manja awiri, nditawerama, anthu n'kumati, "Wakula, eti!" ngati kukula ndi mayeso amene ndakhoza.

Koma chimene chinkandinyansa kwambiri chinali kuperekeza. Kwa adadi, mlendo sankangotuluka. Mwininyumba amanyamula chikwama cha mlendo, amatuluka naye pageti, amayenda naye. Mlendo amati, "Bwererani pano," mwininyumba amakana. Akayenda pang'ono amanenanso, amakananso. Kachitatu m'pamene amapereka chikwama chija, n'kuyambanso kutsanzikana ngati sanatsanzikane. Ngakhale obwera pagalimoto, adadi ankayenda pambali pa galimotoyo atagwira chitseko mpaka pamsewu. Anansi athu Achikenya ankatsanzikana pakhomo, chitseko n'kutseka, nkhani yatha. Ankatiyang'ana pamawindo ngati tikusamuka sabata iliyonse. Ine ndinkati anthu amene aja ndiwo oona mtima: munthu akapita wapita.

Mwa alendo onse, amene ndinamusankha kukhala mdani wanga wamkulu anali Ankolo Mbewe. Sanali abale athu. Ku Nairobi Mmalawi aliyense wamwamuna amene wayamba dazi ndi ankolo. Anali aatali, owonda, olankhula motsitsa, ndipo ankavala suti yositidwa mwakuti mzere wa buluku ukanatha kudula tomato. Anabwera ku Kenya kudzaphunzira zaubusa zaka zambiri ife tisanafike, ndipo zinkamveka kuti akulemba buku lalikulu lomalizira digiri ya udokotala. Ena anali atayamba kale kuwatcha a Dokotala, kuti pakamwa pazolowere.

Lamulungu lililonse, mpunga ukangofika patebulo, adadi ankawafunsa funso lomwelomwelo, ndi nkhope yomweyomweyo.

"Nanga maphunziro, achimwene, akuyenda?"

"Akuyenda pang'onopang'ono. Tatsala ndi mutu umodzi."

Mutu umodziwo unatsala kuyambira ndili sitandade seveni. Pabalaza ponse pankagwedeza mitu mwaulemu, Mayi Gondwe, mnzawo wa amami wa kukwaya, n'kunena kuti maphunziro apamwamba safuna phuma. Kenaka Ankolo Mbewe ankadya mbale ziwiri, mwakachetechete, osasiya ndi kambewu kamodzi ka mpunga. Anali mlendo yekhayo wobwera wapansi, atanyamula chikwama chakuda cha nsalu chimene amami ankachilandira pakhomo n'kukachiika kukhitchini, ati kuti chisadzaze malo. Akandiona ankandifunsa chimene ndikuwerenga, n'kundisisita pamutu. Munthu wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, wokhala ndi mpingo wakewake, sasisitidwa pamutu.

Lamulungu lina phazi la adadi linatupa ndi nthenda ija ya anthu okonda nyama yootcha. Ankolo Mbewe atatsanzika, adadi anandiloza ndi chibwano kuti ndikawaperekeze. Amami anatuluka kukhitchini ndi chikwama chija n'kundipatsa. Chinali cholemera ngati muli njerwa. Ndinawayang'ana ankolowo, iwo n'kuti, "Mabuku."

Maganizo oipa anandibwerera pageti penipeni, ndipo ndikuvomereza kuti anali maganizo okongola kwambiri amene ndinali nditakhalapo nawo. Ndinati m'mtima: anthu inu mumakonda kuperekeza, lero muona kuperekeza.

Pageti anati ndibwerere, ndinakana monga mwa mwambo. Pakakiyosiki ka mayi wogulitsa makala ananenanso, ndinakananso, iwo n'kuseka kuti adadi andiphunzitsa bwino. Pasiteji ya matatu ananena kachitatu, atatambasula dzanja kuti alandire chikwama. Ine ndinachikumbatira. Ndinawauza kuti adadi anena kuti ndikawafikitse penipeni, popeza iwo alephera kuyenda. Linali bodza, koma ndinalinena nditawerama, manja awiri ali pachikwama. Matatu itaima ndinayamba ine kukwera.

Apa m'pamene mwambo unawagwira pakhosi. Mmalawi wamkulu, wa suti, sangalimbirane chikwama ndi mwana wa mwininyumba pagulu. Sangamukalipirenso chifukwa chomuchitira ulemu wopitirira muyeso. Anakwera, anakhala pambali panga, nyimbo zikugunda mpaka m'mano, ndipo njira yonse ya m'tauni anayang'ana pawindo.

Titatsika m'tauni anayesanso. Anati kumene amagona ophunzira n'kutali, alonda salola alendo, adadi ada nkhawa. Ndinayankha kuti ndikangoona geti la kolejiyo basi, chifukwa nanenso ndimafuna kudzakhala dokotala. Tinaima pakati pa chipwirikiti cha anthu, ogulitsa masokosi akutigunda m'zigongono, makondakitala akumenya m'mbali mwa matatu ndi zikhatho. Mmodzi ankakuwa, "Kangemi! Kangemi!" Ankolo anaisiya matatu imeneyo inadzaza n'kupita. Yachiwiri anaisiyanso. Yachitatu anapuma mpweya wautali, n'kukwera osandiyang'ana. Ine pambuyo, ndi chikwama changa, ngati wapolisi amene wagwira mbava yoyamba.

Ku Kangemi ndinali ndisanapondeko. Ndinkangokuona pawindo la galimoto ya adadi tikamadutsa pansi pa mlatho wa kumeneko. Tinatsika, tinapyola mumsika monunkha nsomba zokazinga ndi utsi wa makala, tinalowa m'tinjira topapatiza todumpha ngalande za madzi akuda. Ankolo ankayenda atakweza miyendo ya buluku ndi zala ziwiri. Mayi wina wokhala pakhomo anawaitana m'Chiswahili, kufunsa ngati malaya a amuna awo atha. Iwo anayankha kuti mawa m'mawa.

Nyumba yawo inali chipinda chimodzi cha malata pamzere wa zipinda zina zofanana nacho. Pachitseko panali polembedwa ndi penti kuti pano timasita zovala. M'kati munali bedi kuseri kwa nsalu, mpando umodzi, tebulo lalitali loyalidwa bulangete lopserera, ndi simbi ya makala. Pachingwe panapachikidwa malaya ndi madiresi a anthu, chilichonse chili ndi kapepala ka dzina la mwiniwake. Hang'ala imodzi inali yopanda kanthu koma kapepala kake kanalipo. Ankolo anavula jekete ya suti ija, anaikuntha pamapewa, n'kuipachika pomwepo. Buluku anakavulira kuseri kwa nsalu.

Buku ndi limodzi lomwe munalibe, kupatula Baibulo.

Ndinaima pakati pa chipindacho mtima ukuvina. Ndinadikira kuti agwe pansi, alire, andipemphe kuti ndisaulule. Anatuluka kuseri kuja atavala shati yakeyake yofwifwa m'khosi, anakoka mpando uja, n'kunena kuti, "Wandiperekeza, wamaliza. Tsopano ndiwe mlendo wanga. Khala apa."

Izi sindinazikonzekere. Anakhala pabedi n'kundipatsa moni wonse kuyambira pachiyambi, ngati sitinakhale limodzi maola atatu. Anafunsa za adadi, za amami, za phazi. Ine, mdani wa moni padziko lonse, ndinamva pakamwa panga pakuyankha kuti onse ali bwino, kaya inu. Anayatsa mbaula, anateleka tiyi. Chikwama chija anakachitsegulira kuseri kwa nsalu, koma nsaluyo inali yaifupi. Ndinaona mpunga wathu, shuga, sopo, ndi kontena ya amami ya chivundikiro chabuluu. M'menemo anatulutsa ntchafu ya nkhuku, anaiika pambale yokhayo imene anali nayo, n'kundipatsa ndi manja awiri.

Ndikufuna mbiri ilembe kuti ntchafuyo ndinadya. Ndinali wokwiya, koma ndinadya.

"Koleji ija ili kuti, ankolo?" ndinafunsa, mafuta ali pamilomo.

"Ili pomwe ndinaisiya. Imwa tiyi asanazizire."

Nditanyamuka anati andiperekeze. Anafunafuna choti andinyamulire, ndipo popeza ndinalibe chikwama, anasolola buku langa lija m'thumba langa la kumbuyo n'kulinyamula ngati katundu. Pasiteji ya Kangemi ndinati abwerere, anakana. M'tauni ndinati abwerere, anakana, ati mwana wa eni sasiyidwa panjira. Mu matatu analitembenuza bukulo, anaona kumapeto kothothoka kuja, n'kunena motsitsa kuti mabuku opanda mathero amawadziwa bwino. Anandifikitsa pageti pathu dzuwa likulowa. Anandibwezera buku, anandiyang'ana nthawi yaitali, koma sanandipemphe kanthu. Anangoti ndipereke moni m'nyumba, n'kutembenuka kuyambanso ulendo wa matatu ziwiri.

Munthu wamtima akanasiyira pomwepo. Ine ndinali ndi mfundo. Sabata yonse ndinakonza mawu anga pagalasi la kubafa. Ndinkadziona ngati mnyamata wa m'buku lija, yekhayo wolimba mtima kunena choona m'nyumba yodzaza mabodza. Ndinkaganiza kuti adadi adzadzidzimuka, amami adzagwira pakamwa, Mayi Gondwe adzatsamwa, ndipo pamapeto pake wina adzati, mwana uyu ndiye ali ndi maso.

Lamulungu linafika. Pabalaza panadzaza. Ankolo Mbewe anabwera ndi suti ina, yotuwa, ndipo anandigwira dzanja ngati palibe chinachitika. Mpunga unafika. Adadi, phazi lili pampando, anafunsa funso lawo. Ankolo anayankha kuti tatsala ndi mutu umodzi.

Ndinaimirira. Ndinanena zonse, mwadongosolo, ngati wowerenga nkhani pawailesi. Ndinati kulibe koleji, kulibe mutu umodzi, kuli simbi ya makala ku Kangemi. Ndinati suti imene avalayo mwiniwake adzaifuna mawa. Ndinati chikwama chija chimabwera chopanda kanthu n'kubwerera ndi mpunga wathu, ndipo aliyense amene akukayika apite akayang'ane kontena yabuluu. Ndinamaliza ndi mawu amene ndinkawanyadira kwambiri, akuti m'nyumba muno anthu amakonda bodza lovala tayi.

Palibe anadzidzimuka. Ichi ndicho ndimachikumbukira koposa zonse. Palibe anatsamwa, palibe anayang'ana Ankolo Mbewe. Onse anayang'ana m'mbale zawo, kupatula Mayi Gondwe amene anandiyang'ana ine, mmene munthu amayang'anira chimene galu wasiya pakhonde. Panja ndege ina inadutsa, tonse tinaimvetsera mpaka inatera.

"Mpunga umene uja ndimaikamo ndine," anatero amami, mawu ali pansipansi. "Khala pansi."

Ankolo Mbewe anaika supuni pambali pa mbale yosatha. Anapukuta pakamwa. Anathokoza amami chifukwa cha chakudya, n'kuyamba kutsanzika, mmodzimmodzi, dzanja lililonse, osadumpha munthu. Atafika pa ine anandigwiranso dzanja, n'kuti, "Tsalani bwino, bambo." Adadi anadzuka ndi phazi lawo lotupa, anakatenga okha chikwama kukhitchini. Chinali chopepuka, amami anali asanaikemo kanthu. Ndinawaona pawindo akutsimphina kutsika masitepe. Pageti ankolo ananena mawu aja kamodzi kokha, ndipo adadi, amene sanabwererepo pa kamodzi chibadwire, anawayang'ana kumaso, anapereka chikwama, n'kubwerera.

Alendo anabalalika msanga tsiku limenelo. Ndinadikira lamba, ndipo kunena zoona ndinkamufuna, chifukwa mneneri wosamenyedwa sakhala mneneri weniweni. Adadi sanandimenye. Anandiitana kukhonde, anandisiya chiimire, n'kundifunsa ngati ndikudziwa amene amasita masuti awo a kuntchito. Ndinati ayi. Anandifunsa ngati ndikudziwa amene anagula simbi ija. Ndinati ayi. Anandiuza kuti amene ankawalipirira sukulu ankolowo anasiya kalekale, kuti kumudzi kwawo mpingo wonse unawaperekeza ndi nyimbo mpaka pabasi ndipo mpaka lero ukudikira dokotala, n'chifukwa chake sabwerera.

"Tonse timadziwa," anatero. "Iwonso amadziwa kuti timadziwa. Funso lija ndi limene limawalowetsa pageti ngati mnzathu, osati ngati wopempha. Iwe waona chinthu chimodzi m'moyo wako wonse, ndiye waganiza kuti enafe tilibe maso."

Ndinayankha kuti bodza ndi bodza. Anati inde, ndipo Lamulungu likubwerali choona changacho ndichinyamule ndekha kupita nacho ku Kangemi, tione ngati chikadyedwa.

Lamulungu lotsatira Ankolo Mbewe sanabwere. Amami analongedza chikwama china, osandilankhula, ndipo ndinakwera matatu ziwiri zija ndekha. Ndinawapeza akusita diresi la mwana, makala akuthetheka m'simbi. Anandipatsa mpando. Anandifunsa za kunyumba, aliyense ndi dzina lake, akunditcha bambo. Chikwama sanachikhudze. Anati ndikathokoze kwambiri, koma adya kale. Ndinang'ung'udza kenakake kofanana ndi pepani, ndikuyang'ana pansi.

"Mwalakwa chiyani?" anatero, akuuzira makala. "Simunaname."

Ndinakhala pang'ono, kenaka ndinanyamuka. Anati ndiyende bwino, simbi ili m'manja, maso ali pa diresi. Ndinatuluka. Ndinayenda pang'onopang'ono m'kanjira kaja, chikwama chikundidula phewa, makutu ali kumbuyo kudikira mapazi awo. Ndinaima pangalande yoyamba ngati ndikumanga chingwe cha nsapato. Palibe anabwera. Ine amene ndinkasirira anansi athu otseka chitseko, ndinafika pamsika maso akuwawa, n'kumanamizira utsi wa nsomba.

Ndinapitako Malamulungu anayi, ndipo kanayi konse ndinabwerera ndi chikwama chodzaza, ndekha. Kachisanu ndinapeza pachitseko papakidwa penti ina, m'kati muli banja lachilendo. Mayi wa pakhomo uja anati munthu wa simbi anasamuka, sananene kumene akupita. Adadi anafunsafunsa kwa miyezi ingapo. Kumudzi kwawo sanafike. Kwathu mpunga unapitiriza kuphikidwa, koma kwa nthawi yaitali ukafika patebulo pankakhala kachetechete pamalo pamene pankakhala funso lija, ndipo kacheteko aliyense ankadziwa kuti ndi kanga.

Tsopano ndili ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Makolo anabwerera ku Lilongwe, ine ndinatsala kuno chifukwa cha koleji. Kolejiyo ndinaisiya m'chaka chachiwiri, pa zifukwa zimene ndimazifotokoza mosiyanasiyana malinga ndi amene wafunsa. Ndimakonza mafoni pakakauntala kena m'tauni, kuseri kwa sitolo ya nsapato. Lamulungu ndimavala shati yanga yabwino n'kupita kukadya kwa Mayi Gondwe, omwe aja anandiyang'ana ngati za galu. Pakhomo amalandira chikwama changa cha laputopu n'kukachiika kukhitchini, ati chisadzaze malo. Chakudya chikafika amafunsa pamaso pa onse, ndi nkhope yosaseka, kuti nanga sukulu ikuyenda. Ndimayankha kuti ikuyenda pang'onopang'ono. Pabalaza ponse pamagwedeza mitu.

Sindikunena kuti bodza lasanduka choona. Ndikunena kuti ndinkayesa kuona ndi nzeru, pamene kuona aliyense amaona. Chovuta, chimene anthu aja ankachichita sabata ndi sabata popanda wowayamika, ndi kudziwa zonse za munthu n'kumusiyirabe poti akhale. Buku lija ndikadali nalo. Sindinafunefune lina lokhala ndi masamba onse, chifukwa ndikuganiza kuti ndikudziwa kumene anyamata otere amathera.

Ndikatsanzika, Mayi Gondwe amanyamula okha chikwama changa, chitalemera kuposa mmene chinabwerera, n'kutuluka nane pageti ndi mawondo awo ovuta. Ndimati, "Bwererani pano, amayi." Ndimanena monga mwa mwambo, ndi mawu olimba. Koma nthawi iliyonse, kufikira atayankha kuti ayi, tiyeni pang'ono, mtima wanga umakhala utaima.